Kodi nkhani ya Christopher Woyera anangoipeka episkopi wa ku Italy?

Dalaivala wa ku Balaka

Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo kwa masabata awiri, ndipo ndaona kuti pano pali anthu odziwa mbiri ya Mpingo kuposa ine.

Ndine dalaivala wa thiraki. Ndimanyamula katundu pakati pa Blantyre ndi doko la Beira, kudzera pa Mwanza, Zobue ndi Tete, ndipo chaka chino ndi cha 19 ndili pa chiwongolero. Dzina langa la ubatizo ndi Christopher. Anandisankhira ndi malemu bambo anga, omwe anali katekisiti kwathu. Tsiku limene ndinapeza laisensi anandipatsa mendulo ya Christopher Woyera, yaing'ono ngati ndalama yachitsulo, pomwe pali munthu wamtali ali m'madzi, ndodo kumanja, mwana paphewa. Thiraki iliyonse imene ndayendetsa, mendulo imeneyi ndimaimangirira pa galasi la m'kati ndi chingwe cha korona yakale.

Nkhani ya woyerayu bambo ankatiuza nthawi ya dzinja, tikuwotcha mondokwa kukhitchini. Ankati kunali munthu wamtali zedi, wamphamvu, yemwe analumbira kuti adzatumikira mfumu yoposa mafumu onse basi. Anapeza mfumu yotchuka n'kuyamba ntchito. Tsiku lina woyimba wa pabwalo anatchula dzina la Satana m'nyimbo, mfumu ija n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Atapanikiza ndi mafunso, mfumu inavomera kuti imamuopa Satana. Munthu uja anati, ndiye kuti alipo wokuposani, tsalani bwino. Satana anamupeza m'chipululu, nayenda naye, mpaka tsiku lomwe anafika pa mtanda wozikidwa m'mbali mwa msewu, Satana n'kupatukira kutchire akunjenjemera. Anamusiyanso. Kenako anakumana ndi nkhalamba yokhala yokha kuthengo, yomwe inamuphunzitsa za Khristu. Inati uzisala kudya, iye anati sindingathe. Inati uzipemphera kwambiri, iye anati mapemphero sindiwadziwa. Ndiye inati, nanga mtsinje uja umamiza anthu uja ukuudziwa? Ndiwe wamtali, kakhale pamenepo uziwolotsa anthu. Apa bambo ankayamba aima kaye, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Kenako ankafika pa mwana yemwe anaitana usiku, yemwe pakati pa mtsinje analemera mpaka munthu wamkulu uja anangotsala pang'ono kumira, ndipo atafika tsidya mwanayo anati, wanyamula amene analenga dziko lonse.

Mwezi wathawu tinagona pa boda masiku awiri kudikira mapepala. Mnzanga wina wa kampani ina anakwera m'kabini mwanga kudzathawa dzuwa, naona mendulo ija. Anati, achimwene, munthu ameneyu sanakhaleko, Papa anamuchotsa pa oyera mu 1969, ndipo nkhani yonseyo anaipeka ndi episkopi wina wa ku Italy m'buku la nthano. Sanalankhule monyoza ayi, anangonena ngati chinthu chodziwika kwa aliyense. Ine ndinasowa choyankha. Njira yonse mpaka pa mlatho wa Tete ndinkangoiyang'ana mendulo ikugwedezeka.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi ichi. Mwana wanga woyamba wapatsidwa mphatso ya mwana wamwamuna, ubatizo uli mwezi wamawa, ndipo akufuna amutche Christopher potengera ine. Sindikufuna kupatsa mdzukulu wanga dzina la munthu wa m'nthano. Komanso sindikufuna kukhulupirira kuti bambo anga, omwe sanandinamizepo, anandisiyira bodza. Episkopi ameneyu anali ndani? Anapekadi? Ndipo dzinali n'lololedwabe pa ubatizo?

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Bambo Christopher, zikomo potiuza za bambo anu. Ine ndinakhalako ku seminale zaka zingapo ndisanasankhe uphunzitsi, ndipo Chilatini chomwe ndinatola kumeneko ndi chimene chinandifikitsa pa buku mukufunsali. Mnzanu wa pa boda anamva zoona ziwiri kapena zitatu, koma anazimanga mtolo umodzi molakwika.

Episkopiyo ndi Jacobus de Voragine. A ku Italy amati Jacopo da Varazze, potengera tauni ya Varazze yomwe ili m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa Genoa. Anabadwa cha m'ma 1230. Mu 1244 analowa chipani cha Dominic Woyera, chaka chomwechonso chimene Thomas Aquinas analowa. Dzina lenileni la chipanichi ndi la Alaliki, ndipo mukagwira mfundo imeneyi mwamvetsa chifukwa chake bukuli linalembedwa. Ansembe amenewa sankakhazikika pa parishi imodzi. Ankayenda wapansi, tauni ndi tauni, kulalikira m'matchalitchi ndi m'mabwalo a misika. Mabuku nthawi imeneyo ankalembedwa pamanja pa zikopa za nkhosa ndi za ana a ng'ombe, ndipo buku limodzi linkadya zikopa zambiri ndi miyezi yambiri. Mlaliki wofika m'tauni pa tsiku la Lawrence Woyera sakanatha kusenza mabuku 10 kuti apeze choti anene za Lawrence. Ankafunika buku limodzi lokwana m'thumba la paulendo.

Limeneli ndi lomwe Jacobus anasonkhanitsa m'zaka za m'ma 1260, asanakhale episkopi, ndipo anapitiriza kulikonza mpaka ukalamba wake. Poyamba linkatchedwa Legenda sanctorum. Mawu oti legenda pa Chilatini satanthauza nthano ngati zathu za padangokhala. Amatanthauza zinthu zoyenera kuwerengedwa, monga zimene ankawerenga m'tchalitchi pa tsiku la woyera. Owerenga ndi amene anawonjeza mawu oti aurea, kutanthauza la golide, chifukwa cholikonda. Lili ndi mitu pafupifupi 180, ndipo inasanjidwa motsata chaka cha Mpingo: likuyamba ndi Adventi, kenako Andrew, Nicholas, Lucy, mtumwi Thomas, Khirisimasi, Stephen, choncho mpaka chaka kuzungulira. Makope ake olembedwa pamanja oposa 1,000 alipo mpaka lero, chiwerengero chomwe mabuku ochepa kwambiri a nthawi imeneyo amafikapo. William Caxton analisindikiza m'Chingerezi mu 1483.

Tsopano pa funso loti anapeka. Jacobus anali wosonkhanitsa, monga mayi wokolola m'minda ingapo n'kuthira m'nkhokwe imodzi. Anzake awiri a chipani chomwecho, Jean de Mailly ndi Bartholomew wa ku Trent, anali atalemba kale mabuku afupiafupi a mbiri za oyera, ndipo iye anatapa zambiri mmenemo. Zina anatenga kwa Augustine, Jerome, Ambrose, Gregory Wamkulu, Bede, ndi m'mbiri zakale za amartiri. Kawirikawiri amatchula kumene watenga.

Chomwe chinandichititsa kumulemekeza ndi chakuti pena amaima n'kuchenjeza wowerenga. Pa Margaret wa ku Antioch akufotokoza kuti chinjoka chinamumeza m'ndende, iye n'kuchita chizindikiro cha mtanda, chinjokacho n'kuphulika. Pomwepo Jacobus akunena kuti mbali imeneyi imatengedwa ngati yosatsimikizika ndi yopanda pake. Pa mutu wa mtumwi Matthias muli nkhani yoopsa ya Judas, yoti anapha bambo ake n'kukwatira mayi ake osadziwa. Akamaliza akuti nkhaniyi yachokera m'buku losavomerezeka, wowerenga aweruze yekha, ndipo n'kwabwino kuisiya kusiyana ndi kuiumirira. Pa George akuyamba n'kunena kuti mbiri ya imfa yake siigwirizana m'mabuku. Munthu wofuna kunamiza anthu sachita zotere.

Za Christopher weniweni, tisiyanitse zinthu ziwiri. Akhristu a kum'mawa ankalemekeza martiri wa dzina limeneli kalekale. Pafupi ndi Chalcedon, m'dziko lomwe lero ndi Turkey, kunapezeka mwala wolembedwa wosonyeza kuti tchalitchi cha Christopher chinadalitsidwa mu 452, zaka pafupifupi 800 Jacobus asanalembe kalikonse. Ndiye martiriyo sanachokere m'mutu mwa episkopi. Nkhani ya mtsinje ndi mwana ndi imene inabwera mochedwa, ndipo inaphuka kuchokera pa dzinalo, chifukwa pa Chigiriki Christophoros ndiye kuti wonyamula Khristu. Koma nayonso siinayambe ndi Jacobus. Zithunzi za Christopher atanyamula Khristu zinalipo kale m'matchalitchi a m'mapiri a Alps m'zaka za m'ma 1100. Iye anailemba bwino ndipo buku lake linaifalitsa.

Mmene bambo anu ankafotokozera ndi mmene zilili m'bukumo, mpaka kukana kusala kuja. M'bukumo dzina lake asanabatizidwe ndi Reprobus, kutalika kwake mikono 12, mwana anaitana katatu, ndipo ndodo yake ataizika pafupi ndi kanyumba kake, mmawa inali itaphuka masamba ndi zipatso za kanjedza. Pambuyo pake anapita ku Lycia, dera lomwe lero lili ku Turkey, komwe anadulidwa mutu chifukwa cha chikhulupiriro.

Za 1969 zili motere. Papa Paul VI anakonzanso kalendala ya Mpingo wonse, yomwe inali itadzaza kwambiri. Chikumbutso cha Christopher, chomwe chinalowa m'kalendala ya Roma mochedwa, cha m'ma 1550, chinasiyidwa kuti madayosizi ndi maparishi omwe akuchifuna azichita okha. Sanachotsedwe pa oyera. M'buku la Mpingo lotchedwa Martyrologium Romanum dzina lake lilimo pa 25 Julaye, tsiku limodzi ndi mtumwi James, monga martiri wa ku Lycia. Palibe wansembe angakukanizeni dzinali pa ubatizo.

NaBanda wa ku Area 25

Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma ine ndili ndi pokaikira. Ndimaphunzitsa ana a Tilitonse pa parishi yathu, ndipo dzina langa ndi Margaret. Ndili mtsikana ndinkamva za chinjoka chimenechi ndipo ndinkachikhulupirira ndi mtima wonse. Palibe anandiuza kuti wolembayo anaika chenjezo. Vuto lake ndi limenelo. Chenjezo linatsala m'buku la Chilatini, chinjoka ndi chimene chinayenda mpaka kufika kwa ife. Ngati iye ankaona kuti nkhani ndi yopanda pake, anailemberanji? Munthu sungaike nsima yoti ukuikaikira patebulo n'kunena kuti wofuna adye.

Ana a masiku ano amafunsa. Mukawauza za George ndi chinjoka cha ku Silene chomwe ankachipatsa nkhosa ziwiri tsiku lililonse, mpaka maere anagwera mwana wamkazi wa mfumu, wina amakweza dzanja n'kuti, aphunzitsi, zinachitikadi? Mukati inde, akafika sekondale adzazindikira kuti munawanamiza, ndipo adzayamba kukaikira ngakhale za kuuka kwa Ambuye. Ndaziona kwa mwana wa mchemwali wanga.

N'chifukwa chake ine ndimakonda kuwauza za amartiri a ku Uganda. Tikudziwa tsiku, 3 Juni 1886. Tikudziwa malo, Namugongo. Tikudziwa mfumu, Mwanga. Kizito anali mnyamata wa zaka ngati 14, msinkhu wa ana anga omwewa. Denis Kamyuka, yemwe anamangidwa nawo limodzi koma n'kusiyidwa wamoyo, anapereka umboni wa zimene anaona ndi maso. Paul VI yemweyo ndi amene anawalengeza kuti ndi oyera mu 1964. Bambo Christopher, sindikunena kuti musinthe dzina la mdzukulu, ndi dzina labwino. Ndikungoti akamakula mudzamuuze momveka kuti mbali iyi ndi mbiri, mbali iyi ndi fanizo.

Sisitere wa ku Liguria

Achimwene a ku Balaka, ine ndine sisitere, ndakhala kuno ku Italy zaka 6 ndikusamalira okalamba m'nyumba ina ya chipani chathu kufupi ndi Genoa. Za bukulo aphunzitsi anena kale. Ine ndikufuna ndikuuzeni za munthuyo, chifukwa kuno samukumbukira ngati wolemba yekha.

Jacobus anatsogolera ansembe a chipani chake m'chigawo cha Lombardy kawiri, kuyambira 1267 mpaka 1277, kenakonso 1281 mpaka 1286, ndipo ntchito imeneyo inali ya maulendo osatha. Anakhala arkiepiskopi wa Genoa mu 1292, ali kale bambo wachikulire. Anamusankha ndi Papa Nicholas IV, yemwe anamwalira masiku ochepa Jacobus asanadzozedwe ku Roma. Genoa nthawi imeneyo inali mzinda wolemera ndi malonda a panyanja, koma mabanja akuluakulu anali atagawikana pawiri, a Guelph ndi a Ghibelline, ndipo ankaphana m'misewu. Misewu ya m'kati mwa mzinda wakalewu ndi yopanikizana kwambiri, pena mukatambasula manja mumakhudza makoma onse awiri, ndiye ganizirani nkhondo m'malo otere. Mu Januwale 1295 Jacobus anakwanitsa kuwayanjanitsa. Mtenderewo sunathe ngakhale chaka. Kumapeto kwa Disembala nkhondo inabukanso, inatenga masabata angapo, ndipo tchalitchi chake chachikulu cha San Lorenzo chinapsa ndi moto. Ndikalowa m'tchalitchi chimenechi, cha miyala ya mizere yakuda ndi yoyera, ndimaganiza za nkhalamba ija ikuyang'ana denga litagwa, ntchito yake yonse yoyanjanitsa itapita m'madzi. Zonsezi anazilemba yekha m'buku lake la mbiri ya Genoa. Anamwalira mu Julaye 1298. Papa Pius VII anamulengeza kuti ndi Wodala mu 1816, ulemu umene Mpingo umapereka munthu asanatchedwe Woyera, ndipo ku Varazze amamulemekeza ngati mwana wa pamudzi.

Za Christopher wanu, kuno simungayende mtunda osamuona. M'matchalitchi akale, makamaka a kumapiri, anamujambula wamkulu ngati khoma lonse, pena kunja kuyang'ana msewu, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti ukamuona mmawa sufa imfa yadzidzidzi tsiku limenelo. Apaulendo ankamuyang'ana asananyamuke, ngati mmene inu mumayang'anira mendulo yanu musanalize injini. Christopher Columbus anabadwira mu Genoa momwemuno mu 1451 ndipo anapatsidwa dzina lomwelo. Agogo ena aamuna omwe ndimawasamalira anali dalaivala wa basi, ndipo mendulo yawo ili pa mutu wa bedi.

Mayi NaBanda, funso lanu ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Ndingowonjeza chinthu chimodzi chomwe chinachitikadi. Mu 1521 msilikali wina wa ku Spain anaphwanyidwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona. Ali chigonere kwawo anapempha mabuku a nkhani za ankhondo ndi zachikondi, koma m'nyumbamo munali awiri okha, la moyo wa Khristu la Ludolph wa ku Saxony ndi la mbiri za oyera, lomwe linali buku la Jacobus lomweli m'Chisipanishi. Powerenga anayamba kudzifunsa kuti, bwanji ine nditachita zimene anachita Francis, zimene anachita Dominic? Ameneyo ndi Ignatius wa ku Loyola. Chipani chake, cha Ajezuiti, chinavomerezedwa mu 1540, ndipo ansembe ake ndi omwe ali ku Kasungu lero. Chimene chinamugwira mtima sichinali chinjoka. Anaona anthu omwe anasiya zonse, nayamba kuchita nawo nsanje yabwino.

Koma ndinenenso chomwe chimandipweteka m'bukuli. Muli nkhani zingapo zoonetsa Ayuda ngati adani, wina akukwapula chithunzi cha Nicholas, ena akubaya chithunzi cha Khristu mpaka kutuluka magazi. Nkhani zotere zinalalikidwa kwa zaka mazana ambiri m'mayiko momwe Ayuda ankathamangitsidwa ndi kuphedwa. Pamenepo Jacobus sanaike chenjezo lokwanira, ndipo Mpingo unadzakana poyera chidani chimenechi mu 1965 pa msonkhano wachiwiri wa Vatican. Ndimamukonda Wodala ameneyu, koma masamba amenewo sindingawawerengere munthu.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mayi NaBanda, simuli nokha, ndipo amene anayamba kudandaula motere anali Akatolika enieni. M'zaka za m'ma 1500 katswiri wa ku Spain Juan Luis Vives ananena kuti bukuli siliyenera dzina la golide, ndipo analitcha ntchito ya munthu wa pakamwa pa chitsulo ndi mtima wa mtovu. Melchor Cano, wa chipani cha Dominic chomwecho, anagwirizana naye. Chomwe chinkawapweteka ndi chomwe chikukupwetekani inuyo, choti mbiri za oyera zinkafotokozedwa mosasamala kuposa mbiri za mafumu achikunja. Madandaulo amenewa anabala chipatso. Ajezuiti a ku Antwerp, motsogozedwa ndi Jean Bolland, anayamba kufufuza woyera aliyense, kuyerekeza zolembedwa zakale, kupatula mbewu ndi mankhusu. Mabuku awo oyamba a Acta Sanctorum anatuluka mu 1643, ndipo anali a mwezi wa Januwale wokha. Gulu limeneli likugwirabe ntchito ku Belgium. Chodabwitsa n'chakuti Bolland mwiniwake anamuikira kumbuyo Jacobus, ponena kuti otsutsa anapyola malire.

Anailemberanji nkhani yomwe ankaikaikira? Maganizo anga ndi awa. Nkhanizo zinali kale pakamwa pa anthu. Amayi oyembekezera ankapemphera kwa Margaret chifukwa cha chinjoka chomwecho, poti anatuluka m'mimba mwake wamoyo. Mlaliki akanafika pamudzi osaidziwa nkhaniyo, anthu akanamuuza okha. Jacobus ankalembera ansembe anzake odziwa Chilatini, omwe chenjezo akanaliona. Sanaganize kuti buku lake lidzamasuliridwa m'zilankhulo zonse za ku Ulaya n'kumawerengedwa m'makomo. Apa ndikuvomereza kuti mwalasa: omasulira ndi ojambula anatenga chinjoka, chenjezo n'kulisiya.

Sanali episkopi yekha wa ku Italy wogwira ntchito yotere. Patapita zaka 100, Petrus de Natalibus wa ku Venice, episkopi wa Equilio, analemba Catalogus sanctorum pakati pa 1369 ndi 1372, lokhala ndi oyera ambiri kuposa a Jacobus, ndipo linasindikizidwa ku Vicenza mu 1493. Koma silinalowe m'mitima ya anthu chimodzimodzi, chifukwa Jacobus ankadziwa kukamba nkhani.

Kwa ana anu a Tilitonse, m'buku lomweli muli anthu a mbiri yolimba, ena a kuno ku Africa: Augustine wa ku Hippo, Cyprian wa ku Carthage, Perpetua ndi Felicity, Anthony wa ku Egypt. Ndipo pa Christopher, Jacobus asanayambe n'komwe za mtsinje akunena kuti woyerayu ananyamula Khristu m'njira zinayi: paphewa pomuwolotsa, m'thupi podziletsa, mumtima pomupembedza, ndi pakamwa pomulalikira. Ndiye kuti iye mwini ankafuna mlaliki aitenge nkhaniyi ngati chiphunzitso. Mwana akakufunsani kuti zinachitikadi, mungamuuze kuti martiriyo analipo ndipo anafera Khristu, koma za mtsinje ndi fanizo lomwe Akhristu anapanga pofotokoza dzina lake.

Dalaivala wa ku Balaka

Ndawerenga zonse ndili pa Mwanza, kawiri. Zikomo aphunzitsi, zikomo mayi NaBanda, zikomo asisitere. Za mwala wa mu 452 uja ndalemba pa kapepala, ndikamuonetsa mnzanga uja tikakumana ku Beira, osati mokangana, chifukwa nayenso anangomva kwa ena.

Mayi NaBanda, mawu anu ndawasunga. Mdzukulu wanga ndidzamuuza zonse ziwiri, sindidzamubisira.

Pali chinthu chomwe sindinanene poyamba, ndipo chabwera m'mutu pomwe asisitere amakamba za apaulendo. Bambo anga sanapite patali ndi sukulu. Ulaliki wawo unali waufupi, ndipo pamaso pa ansembe ankachita manyazi kulankhula. Koma tchalitchi chathu chaching'ono chinali kutsidya kwa mtsinje, ndipo nthawi imeneyo panalibe mlatho. Dzinja likafika, Lamulungu lililonse ankadzuka kusanache, n'kupinda buluku, n'kukaima pa doko ndi ndodo ya nsungwi. Ana a Tilitonse ankawawolotsa mmodzimmodzi paphewa, azigogo ankawagwira dzanja. Akamaliza ankavala malaya awo oyera omwe ankawasunga m'pepala la pulasitiki, n'kukatsogolera mapemphero miyendo idakali ndi matope. Chaka china madzi atadzaza usiku anawolotsa mayi wina yemwe matenda a uchembere anamuyamba, atamubereka kumsana, madzi ali m'chifuwa. Mwana anabadwa bwino kuchipatala cha mishoni, ndipo lero ndi bambo wa ana atatu. Ine ndinali ndi zaka 9, ndinawanyamulira nyali mpaka pa doko.

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake ankaima pa mawu a nkhalamba ija, oti kusala sungathe, mapemphero suwadziwa, koma ndiwe wamtali, pita kumtsinje. Sindinadziwe kuti mawu amenewa anayenda kuchokera pa cholembera cha munthu wa ku Genoa zaka zoposa 700 zapitazo mpaka kufika kukhitchini kwathu.

Ndamuimbira mwana wanga usiku wathawu. Dzina likhala Christopher, ndipo mayi ake a mwanayo apempha kuti awonjezere Kizito. Mendulo ndiichotsa pa galasi tsiku la ubatizo kuti bambo mfumu aidalitsenso, kenako ndiisunga mpaka mnyamatayo atakula.

Asisitere, ngati mungadutse ku Varazze, mundijambulireko tchalitchi chomwe amamukumbukiramo Wodala Jacobus. Ndikufuna ndikawaonetse mayi anga akadali ndi maso.